Mutu 5: Dzira la pa Dashibodi

1. Makiyi

Pakhomo paja aliyense ankamutchula kuti Kamphepo. Dzinali analipeza ali wamng'ono, chifukwa akamatumidwa kugolosale ankanyamuka munthu asanamalize kunena chokagula. Anakula nalo, anamaliza nalo sukulu, ndipo ngakhale atatenga laisensi yoyendetsera galimoto, dzinalo silinamuchoke.

Banja lawo linkadyera nkhuku. Kuseri kwa nyumba kunali makola a nkhuku zoikira, ndipo bambo ake ankanyamula mazira pa kagalimoto kawo koyera kukapereka kubekare ya kutsidya kwa tauni. Koma tsopano bambowo anali pampando, mwendo uli m'chikhakha. Anagwa pamakwerero akukonza denga la khola. Nkhuku nazo sizidziwa kuti mwini wake wathyoka, zinkangoikira basi.

M'mawa umenewo bambo anamuitana, makiyi ali m'manja.

"Makiyi awa ndikukupatsa kuti ndikuone," anatero. "Mazira akakafika kubekare ali athunthu, galimoto ndi yako mpaka ndichire. Koma akakasweka chifukwa cha liwiro lako lija, ndilemba dalaivala, iwe ubwerere kukhola uzikapala zitosi. Tamvana?"

"Tamvana, bambo."

Mtima wake unadumpha. Kuyambira ali kamtsikana ankasirira mpando umenewo, ndipo zitosi anali atatopa nazo mpaka m'mphuno.

"Usanakweze thireyi ngakhale imodzi, ukayambe wamangitsa matayala. Amene ali pagalimotopo atha mano. Atsopano ali m'sitolomo, onse anayi."

Kamphepo anakawagubuduza. Pambali pa tayala lililonse panali phazi la nkhuku lojambulidwa ndi penti yobiriwira. Limenelo linali khalidwe la bambo ake. Chilichonse chawo ankachijambula phazi la nkhuku: mathireyi, zidebe, wilibala, ngakhale makwerero omwe anawagwetsa aja. Amayi ake ankakonda kunena kuti, "Pakhomo pano amene tinapulumuka penti imeneyi ndi ine ndi mphaka."

2. Mawu a bambo

Mkulu amene ankawamangira matayala zaka zonse anali atapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Choncho shopu anayenera kusankha yekha Kamphepo. Bambo analoza mpando kuti akhale, ndipo iye anakhala chakunsonga ngati wodikira basi.

"Khala bwino, sukuthawa," anatero bambo. "Tamvera mwanawe. Shopu ya matayala saisankhira chikwangwani. Penti ndi yotchipa, ine ndikuidziwa. Usayang'ane khoma, uyang'ane ngati akukulola kuimirira pamene akugwira ntchito. Tayala, ngakhale latsopano, limakhala ndi mbali yolemerapo. Ndiye akalimanga, wilo lonse amalikweza pamakina n'kulizunguza. Makina aja amaonetsa pamene papepuka, pomwepo n'kukhomapo kamtovu kakang'ono. Balansi imene umamva ndi imeneyo. Wilo lopanda balansi limadumphadumpha ngati chule. Wonyamula njerwa sangadandaule, koma ife timanyamula mazira.

"Ndiye iwe ukaime pambali pa makinawo. Wilo lililonse ulione likuzungulira ndi maso akowa. Ufunse mafunso, ngakhale akuseke. Safunsa anadya phula. Munthu wodziwa ntchito yake amakondwa ukamamuonerera. Koma akakuuza kuti khala uko, tikuitana tikamaliza, kweza matayala ako uzipita. Ngakhale atavala kolala ya ubusa, chokapo."

Kenako bambo anatenga kambale ka tiyi patebulo, n'kuikapo dzira limodzi.

"Uyu ndiye mboni yanga. Ukatuluka m'shopu, uike kambaleka pa dashibodi, dzira lili pakati. Ulowe mumsewu wosalala, uziwonjezera liwiro pang'onopang'ono. Dzira likagona tulo, ntchito yagwirika. Likayamba kuvina, ubwerere komweko akakonze. Munthu akhoza kukunamiza, koma dzira alibe nalo chibale."

Kamphepo anagwedeza mutu, koma miyendo inali itanyamuka kale.

Ali pafupi kuliza injini, amayi ake anafika pazenera la galimoto akupukuta manja. Analankhula motsitsa mawu.

"Ukudziwa kuti amalume ako atsegula shopu ya matayala kuseri kwa depoti? Ndiye udutse pakhomo pawo ndi matayala anayi atsopano, ukapatse mlendo? Akadzamva adzandiona bwanji ine? Chibale ndi fupa, mwanangu. Upite kwa achimwene."

3. Kwa amalume

Panjira, pafupi ndi raundabauti, Kamphepo anaona shopu ina yopanda chitseko chakutsogolo, zonse zili poyera. Mayi wina wovala ovolosi anali kuzunguza wilo pamakina, mwini galimoto ataima pambali pake manja ali m'chiuno. Anachepetsa liwiro. Zinali ndendende zimene bambo ananena zija.

Koma panali mzere wa magalimoto. Kamphepo ndi mzere, madzi ndi moto. Anakumbukiranso nkhope ya amayi ake pazenera paja, n'kuponda mafuta.

Kwa amalume kunalibe mzere. Kunali chikwangwani chachikulu chofiira ndi mbendera zopepera. Amalumewo anatuluka manja atatambasula, mimba ili patsogolo.

"Mphwanga! Ee, dalaivala wathu! Taonani anthuni, dzulodzulo lomweli kanali kokwawa!"

Anasuzumira m'galimoto n'kuona kambale kaja pampando.

"Nanga ichi? Nkhuku zonse zija, amalume ako wawabweretsera dzira limodzi? Alamu anga kuumira sadzasiya!"

"Ayi amalume, limenelo ndi loyesera..."

"Tiliyesa ndi mchere," anatero amalume akuseka. Analitenga, n'kulowa nalo mu ofesi, n'kuliponya m'ketulo.

Anamukhazika Kamphepo pampando wofewa, namupatsa chakumwa chozizira. Ofesiyo inali yokongola, koma zenera loyang'ana kogwirira ntchito linali lopakidwa penti. Kunja kunkamveka jeke ndi zitsulo. Kamphepo anaimirira.

"Amalume, ndimati ndikaonerere pamene akupanga balansi."

Kuseka kuja kunazima. Amalume anagwira pachifuwa.

"Ukaonerere? Bambo ako ndiwo akutuma zimenezi? Ndiye kuti kwanuko mumati ine ndine wakuba? Ine amene ndinakunyamula ukutuluka m'chipatala, ndi manja awa? Ine amene ndinakugulira nsapato zako zoyamba za sukulu? Chabwino. Pita, kandilondere."

Nkhope ya Kamphepo inatentha. Anakhala pansi msangamsanga.

"Pepani amalume, sindimatanthauza choncho."

"Ndikudziwa, mphwanga. Imwa chakumwa chako."

Amalume atatuluka, chitseko chinatsala chotsekuka pang'ono. Kamphepo anasuzumira. Makina a balansi analipo ndithu, pakona. Koma anali ofunditsidwa nsalu, pamwamba pake pali wailesi ndi mbale zosatsuka, ndipo chingwe chake chamagetsi chinali chokulungidwa, chodzaza fumbi. Wantchito wina anali atagoneka wilo pansi, akukhoma kamtovu ndi hamala uku akuimba mluzu.

Apa ndiye panali pofunika kutuluka n'kunena kuti imani. Kamphepo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anthu inu, manyazi ndi matenda oipa!

Posakhalitsa amalume anamuitana. Galimoto inali itaima bwinobwino, matayala ali bii, akunyezimira ngati nsapato za mkwati. Kamphepo anazungulira mbali zonse.

"Amalume, nanga phazi la nkhuku lija lili kuti?"

"Talitembenuzira m'kati. Ukufuna tauni yonse izikuseka kuti ukuyendetsa khola? Tiye, landira."

Anali atasenda dzira lija. Analigawa pakati, nawaza mchere, theka n'kumupatsa. Kukana chakudya cha amalume kunamukanika. Motero Kamphepo anatafuna mboni ya bambo ake, n'kumeza.

4. Pamsewu waukulu

Kunyumba mazira analipo ambirimbiri. Kutenga lina n'kukayesa mumsewu sikukanamudyera nthawi. Koma dzuwa linali litakwera, kubekare anali kudikira, ndipo Kamphepo ndi Kamphepo. Analowera geti lakuseri, nakweza mathireyi mpaka kudenga, n'kuwamanga bwino ndi zingwe.

Bambo anafuula ali pazenera la pabalaza. "Dzira lija lati bwanji?"

"Zonse zili bwino, bambo!" anayankha osatembenuka.

M'tauni galimoto inkayenda bwino, chifukwa ankangokwawa kumbuyo kwa maminibasi. Atalowa mumsewu waukulu anakumbukira zitosi zija, ndipo anayendetsa mofatsa kuposa bambo ake omwe. Njinga zamoto zinkamupitirira. Dalaivala wina wa lole anamuimbira hutala kuti akuchedwetsa anthu.

Atangowonjezera liwiro pang'ono, chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Poyamba chinali ngati foni ikulira m'thumba. Kenako manja onse anayamba kugwedezeka mpaka m'mapewa. Pagalasi loonera kumbuyo sipankaonekanso kanthu. Kumbuyo mathireyi anayamba kulira, gwegwegwe, ndipo pakati pa phokosolo ankamva kaphokoso kena kamene mwana aliyense woleredwa ndi nkhuku amakadziwa.

"Mayo ine, mazira!"

Anachotsa phazi pamafuta, koma anachedwa. Phuu! Galimoto inagwera mbali yakumanzere ngati yathyoka mwendo, n'kulunjika kumbali kwa msewu. Kumeneko kunali mayi wobereka mwana, atagwira wina padzanja. Kamphepo anaona maso a mayiyo. Anakanirira chiwongolero ndi mphamvu zake zonse, akukuwa. Galimoto inamuphonya mayiyo pang'onong'ono, inakhula zitsamba za m'mbali mwa msewu, n'kukaima mphuno ili m'ngalande.



Kamphepo anatsika. Mayi uja anali atakhala pansi m'fumbi, atakumbatira ana ake. Anthu anathamangira pamalopo. Pansi pa chitseko chakumbuyo pankatuluka madzi achikasu, akuyenderera pabampala, akudonthera paphula.

Atatsegula chitsekocho anagwira pakamwa. Thukuta la bambo ake, chakudya cha nkhuku, m'mawa uliwonse wotolera mazira m'khola, zonse zinali phala.

"Atsikana a masiku ano liwiro!" anatero munthu wina m'gulumo.

"Sindimathamanga!" anatero Kamphepo, koma mawu anatuluka ngati a mwanapiye ndipo palibe anamumva.

Amuna ena achifundo anakankha galimoto kuichotsa m'ngalande, namuthandiza kumanga tayala la sipeya. Tayala lophulikalo analiponya kumbuyo pamodzi ndi zigoba. Kamphepo anapepesa mayi uja atagwada. Kenako anaimbira kubekare kuti mazira safika. Mwini bekare anangoti, "Ndilankhula ndi bambo ako," n'kudula.

5. Shopu ya pa raundabauti

Anabwerera akukwawa, magetsi a ngozi akuphethira. Pa raundabauti paja mzere unali utatha. Mayi wa ovolosi uja anamva fungo la mazira galimoto isanaime.

"Mwanawe, wavulala?"

"Ayi mayi. Koma sindikumvetsa. Matayala ndi atsopano, ndamangitsa lero lomwe."

Mayiyo anatsitsa tayala lophulika lija. Analiyang'ana, nalikanda ndi chala, chala n'kuda bii.

"Atsopano ati? Iyi ndi polishi. Bwera kuno, usaime patali, pano palibe chobisa. Ukuona mizere iyi? Tayala ili linatha kalekale. Wina analisema mano atsopano ndi mpeni wamoto, mpaka anafika pa mawaya. Taona, mawaya ndi awa."

 Kamphepo analanda tayalalo n'kulitembenuza. Mbali iyi, palibe phazi la nkhuku. Mbali inayo, palibe. Anagona pansi, nalowetsa mutu kunsi kwa galimoto, nayang'ana matayala atatu otsalawo m'kati mwake. Penti yobiriwira panalibe ngakhale dontho.

Anatuluka ali mbuu ndi fumbi, pakamwa pali yasa.

"Si athu," anatero. "Matayala awa si athu!"

Mayiyo sanadabwe. Anamasula wilo limodzi lakutsogolo, nalikweza pamakina, n'kumukokera Kamphepo pafupi. Wilo linazungulira, makina analira, manambala ofiira n'kuoneka.

"Ntchito ikagwirika apa pamayenera kuoneka ziro mbali zonse. Taona pamene zili. Ndipo taona timitovu take. Mawilo onse akhoma malo amodzimodzi, pafupi ndi valavu, kuti mwini galimoto akaona aziti apanga balansi. Wilo ili pamakina silinakwerepo. Wakumangira ndani?"

Kamphepo anayang'ana pansi. 

"Amalume anga."

Mayiyo anaimba mluzu wautali. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kukhala pa tayala lakale.

"Khala apa ndikuuze. Ine ntchito iyi ndakalamba nayo, ndipo anthu amene amabwera pano akulira, ambiri sanapusitsidwe ndi mlendo ayi. Mlendo umamuopa, umamuyang'anitsitsa, umawerenga ndi manati omwe. Amene amakupweteka ndi amene ukuchita naye manyazi: mnzako wa kusukulu, wa kutchalitchi kwanu, m'bale wako. Manyazi anapha lambe, mwanawe. Sindikuti m'bale usamupatse ntchito. Mupatse, koma uime pomwepo ngati mmene ungaimire kwa wina aliyense. M'bale woona sakwiya ukamaonerera. Mng'ono wanga weniweni akabwera ndi galimoto yake pano, ndimamuimika apa pamene waima iwepa, afune asafune.

"Ndipo kumbukira, galimoto yonseyi, katundu wako, moyo wako ndi wa anthu oyenda pansi, zonse zimatsamira pa kachigawo ka tayala kongofanana ndi chikhatho chako. Wosewera ndi pamenepo sakuba labala lokha. Lero aswa mazira, mawa ndi mitu ya anthu."

Kamphepo anakumbukira maso a mayi wa ana uja, misozi n'kuyamba kugwa.

"Bambo andilanda makiyi. Aziti ndimathamanga. Dzina langa lomwe likundiweruza."

"Ndiye ukawauze zoona."

"Ndi achimwene awo a amayi anga."

"Ndamva. Kusankhako ndi kwako." Mayiyo anabwezera wilo lija, namanga manati mmodzimmodzi Kamphepo akuona. "Upite pang'onopang'ono, ndipo usakwezenso kanthu pa matayala awa. Ukawapeza ako aja, ubwere nawo. Udzaima pompano."

6. Mlendo pabalaza

Dzuwa linali litapendeka pamene Kamphepo anafika kunyumba. Pageti panali galimoto yofiira ya amalume. Amayi atamva za ngozi anaimbira achimwene awo akulira, ndipo amalumewo anathamanga kuti akafike Kamphepo asanafotokoze mbali yake.

Kamphepo anaima pambali pa galimoto yofiirayo. Matayala ake anali atsopano, timaubweya ta labala tisanathothoke n'komwe. Anayang'ana kunyumba, makatani anali otseka. Amalume anaganiza bwino ndithu kubisa penti ija m'kati, ndani angagone pansi pa galimoto ya mlendo? Koma zovala za Kamphepo zinali zitada kale. Anagona chagada n'kulowetsa mutu.

Phazi la nkhuku linali pomwepo, lobiriwira, likumuyang'ana. Anakwawira ku mawilo enawo, linaliponso.

Anakhala kunsiko kanthawi, akupuma ngati wathamanga mtunda. Munthu amene anamugulira nsapato zoyamba za sukulu! Munthu amene anamugawira dzira ndi mchere, akudziwa chimene wamumangira kumapazi!

Atalowa pabalaza anapeza amalume atakhala pampando wa alendo, nthochi zozondera wodwala zili patebulo. Amayi anali kuthira tiyi, maso ali ofiira. Atamuona anaika ketulo pansi n'kumugwiragwira mikono.

"Mwanangu, uli moyo! Mulungu ndi wamkulu."

"Tithokoze ndithu," anatero amalume akupukusa mutu. "Koma alamu, ine ndinamuuza mwanayu m'mawa kuti tayala latsopano limafuna ulemu. Atatuluka pageti langa, fumbi lake munakaliona! Ana a masiku ano magazi ndi otentha. Musamukalipire kwambiri, ndi ubwana. Dalaivala ndikupezerani ine."

Kamphepo anawayang'ana. Amalume anamwa tiyi osaphethira n'komwe.

Bambo sanakweze mawu. Nkhope yawo inali yogwa, ndipo zimenezo zinamupweteka Kamphepo kuposa kukalipa.

"A kubekare andiimbira," anatero. "Ndinakufunsa za dzira, unati zonse zili bwino. Tinapangana m'mawa, mwanawe. Bweretsa makiyi."

Anatambasula dzanja.

Makiyi anali m'manja mwa Kamphepo. Anayang'ana amayi ake, amene anali kusuntha mbale ya shuga kuti ifike pafupi ndi achimwene awo. Manyazi aja anabweranso, omwe aja a mu ofesi. Koma ulendo uno anawameza ngati mmene anamezera dzira lija.

Anafumbata makiyi. Anapita pakona, natenga ndodo zoyendera za bambo ake, n'kugwada nazo patsogolo pawo.

"Bambo, dzira lija sindinayese, ndipo ndinakunamizani. Chimenecho ndi changa. Koma makiyi musanalande, gwirani ndodozi. Tiyeni panja mukaone nkhuku zanu kumene zaponda."

"Nkhuku zanga?"

"Zaponda kunsi kwa galimoto ya amalume. Mawilo onse anayi."

Kapu ya amalume inagogoda pakambale, tiyi n'kutayikira pathalauza. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwanayu akuti chiyani?"

Amalume anayamba kusisita m'matumba kufuna makiyi awo. Koma bambo anali ataimirira kale ndi mwendo umodzi, ndipo ndodo ina anali ataipingasa pakhomo.